Tawina, Aluza: N'chifukwa Chiyani Timawowoza Timu Yathu Yomwe?

Tiyerekeze kuti ndi Lamulungu masana pabwalo la Kamuzu ku Chichiri. Timu yathu ikusewera ndi katimu kongolowa kumene mu ligi, kwatsala mphindi 20 kuti woyimbira amalize masewero, koma chigoli sichinaoneke. Wotchinga kumbuyo walandira mpira, wadzutsa mutu, waona kuti njira zonse zatsekedwa, ndiye waubwezera kwa goloboyi. Phokoso likuyambira pomwepo. Likuyambira kumasitandi osafolera, kumene dzuwa lakhala likuwamba anthu kwa maola angapo, kenako likuyenda ngati moto wolusa mpaka lazungulira bwalo lonse. "Wooo!" Wina akuimba likhweru. Wina waimirira, manja m'chiuno: "Kochi, m'tulutseni ameneyo! Akutidyera ndalama!" Mnyamata uja akati alandirenso mpira, phokoso likubwerera asanaugunde n'komwe.

Amene akukuwawo si adani. Avala malaya a timu yomweyo, ena adzipaka utoto wake kumaso. Ena atsika wapansi kuchokera ku Ndirande kudzera msewu wa Makata, ena akwera maminibasi awiri kuchokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri, ena anyamuka ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa asanadye nkhomaliro. Mukanawafunsa pageti kuti timuyi amaikonda motani, akanakuuzani kuti adzafa nayo. Patangotha ola limodzi, ndi omwewo akuiwowoza.

Kuwowoza alendo sikufuna kufotokozera, aliyense amafuna kuti mdani asokonezeke. Chofunika kuchiunika n'chakuti: n'chiyani chimachititsa munthu kulipira ndalama yake, kupsa ndi dzuwa, kenako n'kutembenukira anyamata omwe anabwera kudzawachemerera? Funsoli tisaliyankhe ngati likukhudza anthu ena. Ambiri a ife magemu a Loweruka timangomva zotsatira zake dzuwa litalowa, koma a Lamulungu ndi a m'kati mwa sabata timawaonera, ndipo tikanena kuti pakamwa pathu pamakhala potseka tikhala tikunama.

Wogula amachoka, sapota sachoka

Mu 1970 katswiri wa zachuma Albert Hirschman anafotokoza kuti munthu amene sakukhutira ndi kampani, bungwe kapena boma amakhala ndi njira ziwiri: kuchoka kapena kuyankhula. Mayi wa ku Bangwe akaona kuti wogulitsa tomato wake wayamba kuchepetsa mulu, sataya nthawi kukangana naye. Mawa lake amangokagula pabenchi lina. Njira yochokera ikakhala yotseguka, anthu sawononga mawu. Koma ikatsekeka, makamaka ngati chimene chaitseka ndi kukhulupirika kwa munthuyo, mawu ndi amene amakwera.

Sapota wa mpira ndi munthu amene njira yake yochokera inatsekeka kalekale. Mnyamata wobadwira ku Ndirande m'banja la Maule, amene agogo ake ankaonera Bata Bullets ndipo bambo ake ankamunyamula paphewa popita ku Chichiri, sangadzuke Lolemba n'kulengeza kuti kuyambira lero ndi wa Manoma. Anzake angamuseke mpaka tsiku la maliro ake. Iye mwini sangadzikhulupirire. Akhoza kusamuka lokeshoni, kusintha ntchito, ngakhale chipani chandale, koma timu amafa nayo.

Taonani mmene mayina a matimu awiri akuluakulu a mu Blantyre asinthira kuchokera pamene anayamba m'zaka za m'ma 1960. Ofiira akhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenako kutsogolo kwa dzinalo kunabwera FCB. Abuluu a pa Lali Lubani akhalapo Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers, Mighty Mukuru Wanderers. Makampani amabwera n'kupita. Aphunzitsi amalembedwa n'kuchotsedwa. Wosewera amene lero akupsompsona chizindikiro cha pamalaya ake, chaka chamawa akhoza kupezeka kwa neba kapena ku South Africa. Pa anthu onse okhudzidwa ndi timu, sapota yekha ndiye sasamuka. N'chifukwa chake mumtima mwake amadziona ngati mwini timu weniweni, ndipo osewera amawaona ngati antchito amene wawabwereka malaya kwa kanthawi. Akamawowoza, m'maganizo mwake sakuukira timu. Akuiteteza kwa anthu amene akuona kuti akuichititsa manyazi.

Umwini umenewu kale sunali wa mumtima mokha. Kwa zaka zambiri matimu awiriwa ankayendetsedwa ndi makomiti osankhidwa, ndipo makomiti a masapota anali ndi mphamvu yoti akatsokomola, akuluakulu a timu sankagona tulo. Zimenezo zinali ndi mavuto ake: mikangano ya ndalama za pageti, kulowerera pa ntchito ya mphunzitsi, zisankho zodzadza ndi phokoso. Kenako Bullets inapita m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, ndipo Wanderers nayonso inasanduka kampani motsogozedwa ndi a Thom Mpinganjira. Ife tikuona kuti kusinthaku kunalongosola zambiri. Koma tivomerezenso kuti kunachotsa kanthu m'manja mwa munthu wamba. Timu imatchedwabe ya anthu, koma anthuwo savotanso. Chimene chinawatsalira ndi pakhosi.

Pointi imodzi, nkhope ziwiri

Kukanakhala kuti anthu amawowoza chifukwa chongoluza, bwenzi phokoso lalikulu likumveka kumatimu a kumunsi kwa ligi. Sizili choncho. Katimu kamene kakumenyera kuti kasatuluke mu ligi kakafanana mphamvu ndi Bullets pa Kamuzu, masapota ake amavina njira yonse yobwerera kwawo. Pointi yomweyo, yofanana ndendende, imatulutsa anthu ofiira m'bwalo nkhope zili gwaa. Chimene chimapweteka munthu ndi mtunda umene uli pakati pa zimene amayembekezera ndi zimene waona.

Ndipo a Maule anazolowetsedwa kudya zonona. Mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, timuyi inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Kuyambira 2018 mpaka 2023 inatenga ligi kasanu motsatizana, Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe ali mphunzitsi, ndipo mu 2023 inasesa zikho zinayi m'chaka chimodzi: ligi ya TNM, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Mwana amene anayamba kuonera mpira ali Sitandade 5 mu 2018 anafika ku sekondale asanaonepo timu ina ikunyamula ligi. Ndiye Silver Strikers ya ku Lilongwe itatenga ligi mu 2024, amene tinkakwera maminibasi a ku Ndirande chaka chimenecho tikukumbukira mmene nkhani zinkayendera. Anyamata amene chaka chapitacho ankatamandidwa anali atasanduka "nkhalamba zotha ntchito". Zikho zinayi zija zinaiwalika msanga kuposa nsima ya dzulo.

A Manoma njala yawo yakhala yamtundu wina. Atatenga ligi mu 2006 anadikira mpaka 2017 kuti aitengenso, ndipo pambuyo pake anayenera kupirira zaka zisanu akuonerera neba akuyenda ndi chikho m'misewu ya mzinda womwewo. Sapota wotere salowa m'bwalo ndi mtima wopanda kanthu. Amalowa atasenza zaka zonsezo, ndipo mnyamata amene waphonya chigoli lero amalipira ngongole ya anthu amene anasewera iye ali kupulayimale.

Si khalidwe la ku Blantyre kokha. Ku Madrid, masapota a Real Madrid, timu imene yatenga chikho cha ku Ulaya kuposa ina iliyonse, anaimbirapo malikhweru Iker Casillas, Gareth Bale ngakhalenso Cristiano Ronaldo pabwalo lawo lomwe la Santiago Bernabéu. Kuno kwathu, Kinnah Phiri, amene anamwetsera Flames zigoli 71 ali wosewera, ndiye anaitengeranso timuyi ku Angola mu 2010 kumene inaswa Algeria 3-0. Mu Januwale 2013 anachotsedwa ntchito zotsatira zitavuta. Mpira sukumbukira dzulo.

Pamwamba pa mbiri pali thumba. Munthu wa ku Machinjiri kuti aonere gemu amayenera kupeza ya minibasi yopita ndi yobwerera, ya pageti, ndi kenakake koika m'kamwa. Kwa wogwira ganyu, wakabaza kapena wogulitsa kaunjika, imeneyo ndi ndalama ya ufa ndi ndiwo, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera limodzi. Munthu wotere sabwera kudzangoonera. Wabwera kudzagula maola awiri oiwala lendi, sukulu fizi ndi ngongole ya kugolosale. Akaona osewera akuyenda ngati akupita kuchigayo, mumtima mwake amati wamuberedwa kawiri: ndalama yapita, chimwemwe sichinabwere. Pa zifukwa zonse za kuwowoza, ichi n'chimene ife sitingachinyoze.

Koma pali ndalama ina imene sitingaimvere chisoni chofanana. Malo obetchera adzadza m'malokeshoni onse, ndipo tsopano kubetcha kunalowa m'foni. Mnyamata amene waika ndalama yake kuti timu yake iwina ndi zigoli ziwiri sakuoneranso mpira ngati sapota. Akuonera ngati wobwereketsa katapila. Timu ikhoza kutsogola 1-0, kusewera mwanzeru kuti iteteze chigolicho, iye n'kumatukwana chifukwa tikiti yake ikufa. Mukamva munthu akuwowoza timu imene ikupambana, yang'anani m'manja mwake. Onjezerani apo mavidiyo sho: dzulo usiku munthu anaonera Manchester City ikupatsirana mpira pakapinga wosalala ngati tebulo, lero akufuna zomwezo kwa anyamata amene anakulira kusewera opanda nsapato pabwalo la fumbi la kusukulu ya pulayimale.

Lolemba kumsika

Mvetserani mmene timayankhulira gemu ikatha. Timu ikapambana timati, "Tawina." Ikagonja timati, "Aluza." Palibe wa ife amene anagunda mpira tsiku limenelo, koma pachipambano timalowamo, pakugonja timatulukamo. Katswiri wa za maganizo Robert Cialdini ndi anzake anafufuza zimenezi pakati pa ophunzira a m'mayunivesite a ku America ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1976. Anaona kuti Lolemba lotsatira chipambano, ophunzira ambiri ankavala zovala za dzina la sukulu yawo kusiyana ndi Lolemba lotsatira kugonja, ndipo pofotokoza za gemu ankakonda kunena kuti "ife" timu ikapambana kuposa pamene yagonja. Chichewa chathu chimaulula zomwezo popanda kafukufuku: kusiyana kwa "ta-" ndi "a-" basi.

Kuwowoza ndi "aluza" wonenedwa gemu isanathe. Munthu akuona manyazi akubwera, ndiye akufulumira kudzipatula: anthu inu muone, ine sindili nawo, ndinawauza kale. Ndipo manyaziwo ndi enieni, chifukwa mu Blantyre mdani wako wa mpira sakhala kutali. Ndi amene mumagawana naye mpopi wa madzi, ndi kondakitala wa minibasi imene umakwera, ndi wa benchi loyandikana nalo mumsika wa Ndirande, mwinanso ndi mlamu wako. Si pachabe matimu awiriwa amatchulana kuti neba. Wosewera akaphonya penate Lamulungu, amene akamve zonse Lolemba m'mawa ndi sapota. Adzamulandira ndi nyimbo pasiteji, adzamutumizira zithunzi zomuseka pa WhatsApp, adzamufunsa mwaulemu wabodza ngati wagona bwino. Mkwiyo umene akuutulutsira m'bwalo ndi wa mawa, wangoubweretsa msanga.

Chigulu nachonso chimathandizira. Bambo amene ndi wofatsa kunyumba, waulemu kuntchito, amene sangayerekeze kuuza mnyamata wa zaka 21 maso ndi maso kuti ndi wachabechabe, amatha kunena zoposa pamenepo akakhala pakati pa anthu zikwi. M'chigulu mawu alibe mwini. Aliyense amaganiza kuti akungothirira ndemanga pa zimene ena ayamba, ndipo palibe amene amapita kunyumba akudzimva kuti walakwira munthu. Izi tingazione ngakhale pano pasukulu, timu ya kalasi yathu ikamasewera: mnzathu amene tidye naye limodzi madzulo timamukuwiza ngati sitikumudziwa.

Phokosolo limagwera ndani?

Apa ndi pamene nkhaniyi imapotoka. Zifukwa zambiri zimene tazionazi zili ndi mutu. Vuto ndi lakuti phokoso silisankha bwino kogwera. Amene anagula osewera osayenera, amene anachedwetsa malipiro, amene anakonza ulendo wotopetsa, onsewo akhala pamthunzi kapena sali m'bwalo n'komwe. Amene ali poyera, amene angamve, ndi anyamata 11. Ndipo mwa 11 amenewo chigulu chimasankha mmodzi: goloboyi amene mpira wamupulumuka, womwetsa zigoli amene watha magemu asanu osagoletsa, kapena wosewera pakati amene ntchito yake sionekera kwa munthu amene akungotsatira mpira ndi maso.

Okonda ligi ya ku England akukumbukira za Granit Xhaka. Pa 27 Okutobala 2019 Arsenal inatsogola 2-0 pakwawo, Crystal Palace n'kubweza zigoli zonse ziwiri. Mphunzitsi Unai Emery atatulutsa Xhaka, yemwe anali kaputeni, masapota a Arsenal anamuwowoza akutuluka. Iye anaika dzanja kukhutu ngati akuti onjezerani, anawayankha mawu oipa, anavula malaya n'kulowa m'chipinda. Patapita masiku ochepa anafotokoza kuti anali atatopa ndi mawu onyoza mkazi wake ndi mwana wake wamkazi amene anthu ankamulembera pa intaneti. Ukaputeni anamulanda. Mavuto a Arsenal sanathe chifukwa Xhaka wawowozedwa, ndipo Emery mwiniwake anachotsedwa mwezi wotsatira. Xhaka anatsalira, anasewera bwino pansi pa Mikel Arteta, ndipo pochoka mu 2023 bwalo lomwelo linkaimba dzina lake. Chaka chotsatira anatenga ligi ya ku Germany ndi Bayer Leverkusen osagonjako ngakhale gemu imodzi. Miyendo inali yomwe ija.

Kuno kwathu tili ndi mawu amodzi amene amapweteka kuposa likhweru: "Wagulitsa gemu." Amatuluka mosavuta kwambiri. Goloboyi akatereredwa ndi mpira, wagulitsa. Wotchinga kumbuyo akachititsa penate pa gemu ya maneba, wadya za anthu. Wonena mawuwa sanaone ndalama ikusinthana manja, sanamve kwa munthu amene anaona, wangopsa mtima. Koma madzulo omwewo mawuwo ali pa Facebook, mawa ali pa pulogalamu ya zamasewero imene anthu amaimba foni pa wailesi, ndipo mkuja akunenedwa ngati nkhani yodziwika. Kunena kuti munthu wasewera moipa ndi maganizo athu, tili nawo ufulu. Kunena kuti walandira ziphuphu popanda umboni ndi kuchitira mnzathu umboni wonama, ndipo ife amene timawadziwa malamulo khumi pamtima sitinganamizire kuti lachisanu ndi chinayi limathera pageti la bwalo la mpira.

Kodi kuwowoza kumadzutsa timu? Ambiri amene amawowoza amakhulupirira choncho: tiwakwapule ndi mawu kuti achangamuke. Kuti chigulu chili ndi mphamvu pa gemu n'zosakayikitsa. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo mu 2020, maligi a ku Ulaya, kuyambira ya ku Germany mu Meyi chaka chimenecho, anasewera popanda oonerera, ndipo ofufuza anapeza kuti mwayi wa timu yosewera pakwawo unachepa, oyimbira nawonso anachepetsa kulanga alendo ndi makadi. Ndiye kuti mawu a m'masitandi amakankhadi. Koma chinthu chimene chimakankha chikhoza kukankhira kulikonse.

Ganizirani zimene zimachitika m'mutu mwa mnyamata amene akudziwa kuti akalakwitsanso bwalo lonse limugwera. Mpira wolowetsa pakati pa adani awiri, umene ukanabala chigoli koma ukhozanso kulandidwa, sauyesanso. Amasankha wapafupi, wachitetezo, wobwerera m'mbuyo. Ena amayamba kubisala: amaima kumbuyo kwa mdani kuti mnzawo asawapatsire. Womwetsa zigoli amene kale ankangomenya osaganiza, tsopano amauimitsa kaye, n'kuuyang'ana, mpaka amulanda. Luso limene thupi linaphunzira kwa zaka limasokonezeka munthu akayamba kuganizira phazi lililonse. Mapeto ake, phokoso limabala mpira wamantha womwe uja umene unayambitsa phokosolo, ndipo oonerera amatenga zimenezo ngati umboni wakuti anali kulondola.

Sitikunena kuti sapota azingoomba m'manja ngati ali paukwati. Pali kusiyana pakati pa wosewera amene walephera ndi wosewera amene sakufuna, ndipo anthu a m'masitandi osafolera amakuona kusiyanaku msanga kuposa mmene akuluakulu amaganizira. Timu imene yathamanga mpaka thukuta kutha koma yagonja, kawirikawiri imatuluka mwamtendere. Imene yayenda wapansi mphindi 90 pamaso pa anthu amene asiya ndalama ya ufa pageti, ikamva kung'ung'udza woyimbira atamaliza, isadabwe. Kudandaula gemu itatha ndi chiweruzo pa ntchito imene yagwiridwa. Kuwowoza mnyamata mmodzi pa mphindi ya 30, mpira usanamufike n'komwe, ndi kumuthyola mwendo kenako n'kumufunsa chifukwa chake akutsimphina.

Mawu a masapota amagwira ntchito akalunjika kwa amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu. Mu Epulo 2021 matimu 12 olemera a ku Ulaya analengeza kuti akuyambitsa mpikisano wawowawo wotchedwa Super League. Masapota a matimu omwewo, monga a Chelsea amene anasonkhana kunja kwa bwalo la Stamford Bridge, anakana poyera, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse 6 a ku England anali atatulukamo. Sanawowoze goloboyi. Anadziwa khomo loyenera kugogoda. Ifenso nkhani zogogodera makomo tili nazo. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo, la Bullets ku Zingwangwa, koma zaka zinadutsa matimu onse awiri akusewerabe pa Kamuzu, bwalo limene magemu akuluakulu a Flames analithawa kupita ku Bingu National Stadium ku Lilongwe. Nkhani ngati imeneyi imafuna makalata, misonkhano ya nthambi za masapota ndi mafunso kwa aphungu. Kukuwiza wosewera kumbali n'kosavuta kuposa zonsezo, mwina n'chifukwa chake timakukonda.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa Blantyre ndi London kapena Madrid. Xhaka atawowozedwa anakwera galimoto yake n'kupita kunyumba ya mpanda kumene sapota sangafike. Wosewera wa mu ligi yathu, makamaka wachinyamata amene wangokwezedwa kuchokera ku timu yachisodzera, amakhala m'malokeshoni omwe timakhala ife. Amachita lendi ku Chilomoni kapena akukhalabe ndi makolo ku Bangwe. Gemu ikatha, basi ya timu ikamutsitsa, amakwera minibasi yomweyo imene akwera anthu amene amamukuwiza aja, chipewa atachitsitsira kumaso. Kondakitala amamuzindikira. Wina kumpando wakumbuyo amayamba, "Si ameneyu?" Ulendo wa mphindi 20 umatalika ngati wa ku Karonga.

Sizithera pa iye. Mayi ake amagulitsa masamba mumsika, ndipo Lolemba makasitomala amawauza zimene mwana wawo anachita. Mng'ono wake amapita kusukulu n'kupeza anzake akumudikira pakhomo la kalasi. Ngati mawu aja akuti wagulitsa gemu amveka, banja lonse limayenda nawo, kuchitsime, kumaliro, ngakhale kutchalitchi. Enafe anyamatawa tinaphunzira nawo kupulayimale, tinasewera nawo mpira wachikulunga m'makwalala, ena ndi ana a anthu amene timakhala nawo benchi limodzi popembedza. Tikakhala m'masitandi timawaona ngati manambala a pamsana. Iwo akayang'ana kumasitandi amaona nkhope zimene amazidziwa.

Lachiwiri m'mawa mnyamata uja adzakhala ali pa zokonzekera, ndipo mphunzitsi adzamuuza kuti aiwale za Lamulungu, azisewera momasuka, asamaope kulowetsa mpira kutsogolo. Iye adzavomera ndi mutu. Lamulungu lotsatira adzalandira mpira pamalo omwe aja, adzadzutsa mutu, ndipo asanasankhe kopatsira adzayamba wamvetsera kumasitandi osafolera.